Galu Wonunkha Wa Ubweya Wamafuta: Vuto Lili Pakhungu

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Amayi akhala kumbuyoko afunsa za galu wawo. Akuti amamusambitsa, koma pakangotha masiku awiri fungo labwereranso, ndipo ukamusisita pamsana dzanja limatsala ndi mafuta. Ndaona ambiri mukugwedeza mitu, ndiye tiyeni tiikambe bwinobwino.

Khungu la galu aliyense limatulutsa mafuta pang'ono kuchokera m'timatumba tomwe tili patsinde pa ubweya. Mafutawa ndi abwino, amateteza khungu kuti lisaume n'kung'aluka. Koma khungu likayamba kuyabwa kapena kutupa, mafuta amatuluka mopitirira muyezo. Pakhungupo pamakhala kale yisiti wina wosaoneka ndi maso, dzina lake Malassezia, yemwe chakudya chake ndi mafuta omwewo. Mafuta akachuluka iye amaswana, mabakiteriya nawo amalowerera, ndipo fungo lowawasa lija limachokera pamenepo. Madokotala a ziweto vutoli amalitcha seborrhoea. Mukangochotsa fungo osapeza chimene chikuvutitsa khungu, mudzasambitsa galuyo mpaka kutopa.

Kwathu kuno choyamba kuchiganizira ndi utitiri. Mukafika kunyumba, pesani ubweya wa pamsana pafupi ndi mchira, galu ataima papepala loyera lonyowa. Tizinthu takuda tikagwera papepalapo n'kusungunuka kukhala tofiira, dziwani kuti ndi ndowe za utitiri, magazi a galu wanu amenewo. Kenako yang'anani m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono. Ngati ubweya wathothoka, pali nkhanambo, ndipo galu akudzikanda usiku wonse, imeneyo ikhoza kukhala mphere. Mtundu wina wa mphere umapatsira anthu, choncho ana asamagone naye pamphasa imodzi. Galu wamkulu amene wanenepa, wachita ulesi, ubweya ukuthothoka mbali zonse ziwiri koma sakudzikanda kwenikweni, nthawi zina vuto limakhala la chithokomiro, ndipo limafunika kuyeza magazi. Inu amene munagula agalu achizungu monga Cocker Spaniel, Basset Hound kapena German Shepherd, ena mwa iwo amabadwa nalo vutoli, limaonekera asanakwane zaka 2, ndipo silitheratu, mumangolichepetsa moyo wake wonse.

Pano ndipemphe chinthu chimodzi, chonde. Oyilo wakuda wa galimoto musamupake galu. Palafini ayi. Mankhwala opopera thonje kapena a dibi ya ng'ombe osakaniza mongoganizira, ayinso. Ndikudziwa ena munamva kuti oyilo amapha mphere, koma galu amadzinyambita, poizoni yense uja amalowa m'mimba, khungu limapsa, ndipo agalu amafa nazo zimenezi. Sopo waufa wochapira zovala nayenso amakokolola mafuta onse n'kusiya khungu louma ndi loyabwa. Galu amakanda, khungu limatupa, mafuta aja n'kubwerera.

Kasambitsidwe koyenera ndi aka. Pezani shampu ya agalu kusitolo ya mankhwala a ziweto, muwerenge pabotolo ngati muli chlorhexidine ndi miconazole, chifukwa awa amapha mabakiteriya ndi yisiti pamodzi. Sankhani m'mawa wa tsiku ladzuwa. Yambani mwamupesa kuti ubweya wakufa uchoke, mumunyowetse ndi madzi ofunda pang'ono, kenako pakani shampuyo ndi zala mpaka ifike pakhungu penipeni, makamaka m'khwapa, pakhosi, kumimba, pakati pa miyendo yakumbuyo ndi pakati pa zala. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: thovulo likhale pathupi mphindi 10 musanatsukuluze. Yang'anani nthawi pafoni, mumugwire galuyo, muziyankhula naye kuti asanyambite. Mukatsukuluza msanga mwangotaya ndalama. Tsukuluzani mpaka madzi atuluke oyera, mumupukute ndi nsalu, aume bwinobwino m'makwinya monse, pakuti yisiti amakonda ponyowa ndi pofunda. N'chifukwa chake fungoli limakula nyengo ya dzinja. Milungu yoyamba sambitsani kawiri pamlungu, khungu likayamba kusintha muzitalikitsa masiku.

Tsiku lomwelo chapani thumba kapena chiguduli chimene amagonera, muchiyanike padzuwa, musesenso pogona pakepo. Mazira a utitiri amagwera pansi, ndiye galu woyera akakagona pachiguduli chakale mwabwerera poyambira. Mankhwala a utitiri mufunse kwa alangizi a ziweto, ndipo agalu onse apakhomo alandire limodzi.

Bambo apa akufunsa kuti bwanji ngati thupi layera koma akununkhabe. Nunkhizani m'makutu, bambo. Mukapeza phula lofiirira lonunkha ndipo galu akupukusa mutu, pukutani kunja kokha ndi thonje, musathiremo madzi kapena kulowetsamo kamtengo, amenewo amafuna mankhwala odonthezera. Fungo likakhala ngati la nsomba yoola ndipo galu akukhwekhwereza matako pansi, ndi timatumba tiwiri ta pafupi ndi kotulukira chimbudzi tadzaza, a vetenale amadziwa kutifinya. Muonenso mano ndi nkhama.

Za chakudya ndinene mwachidule. Mkute wokhawokha sumanga khungu. Muzimuwonjezera usipa kapena matemba opanda mchere, kapena dzira lophika, chifukwa mafuta a nsomba amathandiza khungu. Ndiwo za anyezi wambiri musamupatse, anyezi amawononga magazi a galu. Kusinthaku kumatenga milungu ingapo, musafulumire kutaya mtima.

Mukachita zonsezi mwezi n'kutha osasintha, kapena mwaona zilonda zotuluka mafinya, pitani naye kwa alangizi a ziweto. Amene muli ndi abale m'tauni, ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, awa ndi mabungwe osamalira zinyama. Kumeneko amapala khungu pang'ono n'kuyang'ana pa maikulosikopu kuti aone ngati ndi mphere, yisiti kapena mabakiteriya, n'kupereka mankhwala oyenera. Popita mutenge khadi lake la katemera wa chiwewe, aonenso ngati nthawi yobayitsa yakwana.