Zithunzi za Setilaiti Zonoledwa ndi Kompyuta

Amayi, abambo ndi atsogoleri a m'komboni muno, chithunzi ndapachika apachi ndi cha Kanyama, komboni yathu ino ya mu Lusaka, chojambulidwa ndi imodzi mwa masetilaiti a Sentinel-2, amene bungwe la European Space Agency linayamba kutumiza mumlengalenga mu 2015. Zithunzi zake n'zaulere, ndipo malo amodzi amajambulidwa pafupifupi masiku 5 alionse, koma kadontho kamodzi ka pachithunzi kakuimira mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Ndiye kuti nyumba ya zipinda ziwiri, chimbudzi chake ndi ngalande ya pakhomo, zonsezo zalowa m'kadontho kamodzi. Zithunzi za setilaiti ina yotchedwa WorldView-3, zimene kadontho kake ndi masentimita pafupifupi 30, n'zogula, ndipo n'zodula.

N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa deep learning. Amaonetsa kompyuta zithunzi zambirimbiri ziwiriziwiri za malo amodzi, china chachimbuuzi, china chooneka bwino, mpaka itazolowera kuti madontho akuti nthawi zambiri amakhala denga la malata, akuti amakhala msewu. Ikapatsidwa chithunzi chatsopano chachimbuuzi, imachinola potengera zimene inaphunzirazo.

Apa ndipempha kuti mumvetsere bwino. Kompyuta siiona zimene setilaiti sinajambule. Imangoyerekezera, monga mmene timazindikirira mnansi ali patali madzulo chifukwa cha kayendedwe kake. Ngati inaphunzira pa mizinda ya misewu yowongoka, ikafika kuno kumene nyumba n'zothithikana ndipo tinjira timakhotakhota, ikhoza kuphatikiza nyumba ziwiri kapena kujambula njira pamene palibe, chithunzicho n'kumaonekabe chokongola ndi chokhulupirika. Njira imene ine ndimaidalirako ndi yophatikiza zithunzi zingapo za masiku osiyana, chifukwa chilichonse chimagwira kanthu kamene chinzake chinaphonya.

Pofufuza malo amene madzi amadikha mvula ikagwa, kapena kumene zinyalala zikuunjikana pafupi ndi zitsime, zomwe zimatibweretsera kolera, zithunzizi zimathandiza ndithu, ngakhale mitambo ya dzinja imaphimba zambiri. Koma pa mkangano wa malire a puloti, musalole kuti chithunzi chonoledwa chikhale umboni. Pamenepo pafunika woyeza malo afike ndi zida zake. Wina akakubweretserani mapu, m'funseni kuti chithunzicho chinajambulidwa liti, ngati chinanoledwa ndi kompyuta, ndiponso ngati alipo amene anayenda pansi kukatsimikiza.