Chifukwa chimene Piriton satsegula chifuwa cha mphumu

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Ambiri mwa inu mwaonapo kuti munthu akatuluka ziwengo n'kumwa Piriton, kuyabwa kumaleka, koma mphumu ikamugwira, Piriton yemweyo samuthandiza. Lero ndikufuna tione chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili m'mafuta a m'thupi mwathu.

Pakhungu, m'mphuno ndi m'mapapo muli maselo olondera otchedwa mast cells. Thupi la munthu wa ziwengo likakumana ndi chinthu chimene limadana nacho, kaya ndi fumbi la m'nyumba, mungu wa maluwa kapena ubweya wa mphaka, maselo amenewa amakhuthula mthenga wotchedwa histamine amene anasunga kale, ndipo ameneyu ndiye amabweretsa kuyabwa, kuyetsemula ndi mamina. Piriton amatchinga histamine yekhayo basi.

Koma maselowa sathera pomwepo. Amadula kachidutswa ka mafuta otchedwa arachidonic acid kuchokera m'chikuto chawo chomwe, n'kupanga nako amithenga atsopano m'mphindi zochepa. Ena amatchedwa prostaglandin, ena leukotriene. Ma leukotriene ndiwo oopsa kwa wodwala mphumu, pakuti amafinya njira za mpweya mwamphamvu kuposa histamine kambirimbiri, amatupitsa makoma ake ndiponso amachulukitsa makhololo, mpaka munthu amapuma movutikira, m'chifuwa mukulira ngati mluzu.

Kudziwika kwa ma leukotriene kunatenga nthawi. M'chaka cha 1938, akatswiri awiri, Feldberg ndi Kellaway, akufufuza ululu wa njoka ku Melbourne m'dziko la Australia, anaona kuti mapapo a nyama amatulutsa chinthu chofinya minofu pang'onopang'ono koma kwa nthawi yaitali. Panapita zaka zoposa 40 chisanadziwike bwino, kufikira mu 1979 pamene Bengt Samuelsson ndi anzake ku Karolinska Institute ku Sweden anasonyeza kuti ndi leukotriene. Iye analandira nawo mphoto ya Nobel mu 1982, ndipo m'kupita kwa nthawi kunabwera mankhwala monga montelukast, amene amatseka pamene amithengawa amafikira. Mankhwala amenewa ndi oteteza, amamwedwa tsiku ndi tsiku. Munthu akabanika kale, chomupulumutsa ndi salbutamol wopopera m'kamwa uja ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Apa ndiye mumvetsere, makamaka inu amene mumagula mankhwala pagolosale. Aspirin ndi Brufen amachepetsa ululu potseka njira yopangira prostaglandin. Mwa anthu ena a mphumu, makamaka akuluakulu amene mphuno zawo zimakhala zotsekeka nthawi zonse, njira imeneyi ikatsekedwa thupi limapanga ma leukotriene ochuluka, ndipo pasanathe maola atatu munthu amayamba kubanika. Si onse ayi, koma ngati zinakuchitikiranipo ngakhale kamodzi, muuzeni dokotala asanakulembereni mankhwala, ndipo mumupemphe kuti azilembe m'buku lanu la kuchipatala. Kwa ambiri otere, Panado pa mlingo woyenera savuta.