Usanakhale pansi ndi woyimba uja

Mng'ono wanga, uthenga wako ndauona. Ndati ndingokujambulira mawu chifukwa kulemba zonsezi kunganditengere tsiku lonse. Wati woyimba uja wavomera kubwera pa podcast yako, pulogalamu yako ija ya mawu ya pa intaneti, sabata yamawa ndipo mtima uli phaphapha. Usadandaule, ngakhale ine mpaka lero m'manja mumachita thukuta ndikamayatsa maikolofoni. Tamvera tsono.

Chimbale chake chatsopanocho uchimvere chonse, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, katatu. Osati uku ukucheza pa WhatsApp ayi. Khala pansi, mahedifoni kukhutu, cholembera m'manja. Ulendo woyamba ungomvera basi. Wachiwiri uzilemba paliponse pamene khutu lako laima. Tinene kuti pa nyimbo yachinayi, patatha mphindi 2 ndi masekondi 10, ng'oma zonse zangoti zii, kwatsala mawu ake ndi gitala yekha. Lemba nthawi imeneyo. Ulendo wachitatu ufufuze anthu amene anagwira ntchito pa chimbalecho: anapeka ndani, anajambula ndani, anaimba bezi ndani. Pa Spotify nyimbo zambiri zili ndi malo oonetsa amene anazilemba ndi amene anazikonza, ukayang'ane pamenepo.

Ndikukuvutitsa chonchi chifukwa chiyani? Munthu ameneyo wafunsidwa kambirimbiri kuti "munayamba bwanji kuimba?" ndiponso "uthenga wa chimbalechi ndi wotani?" Mayankho ake analoweza kalekale. Ukangofunsa zimenezo, pakamwa pazilankhula koma mutu uli kwina, mwina akuganiza za foni imene waisiya m'galimoto. Koma ukati, "Pa nyimbo yachinayi paja munaletsa ng'oma zonse, anaganiza zimenezo ndani?" udzaona akudzuka pampando. Adzakuuza kuti anakangana ndi wojambula usiku wonse, kapena kuti zinangochitika mwangozi wina atadina batani lolakwika, iwo n'kuzikonda. Nkhani imene omvera ako sanaimvepo kwina kulikonse ili pamenepo.

Ukapeza mpata ukamvereko podcast yotchedwa Song Exploder, imene Hrishikesh Hirway anayamba mu 2014. Woyimba amasankha nyimbo imodzi n'kuiphwasula, umamva ng'oma pazokha, mawu paokha, kwinaku akufotokoza mmene chilichonse chinabwerera. Chimene ndimafuna uone n'chakuti pokonza pulogalamuyo, mafunso a wofunsa amachotsedwamo, amatsala woyimba yekha. Sindikuti iwenso uzitero, koma ukamva udzazindikira kuti wofunika pamenepo si iwe.

Za ulendo wake wa zoimbaimba, usayambire ku ubwana n'kumayenda chaka ndi chaka ngati ukulemba mbiri ya maliro. Gwira pamene panakhota. Ngati pakati pa chimbale chachiwiri ndi chachitatu panadutsa zaka 6, funsa kuti zaka zimenezo ankadzuka m'mawa n'kumatani. Ngati anasiya gulu n'kuyamba kuimba yekha, funsa za tsiku loyamba limene anakwera pa siteji n'kucheuka, osaona anzake aja kumbuyo. Zaka uzitsimikize wekha usanapite, chifukwa oyimba ambiri amasokoneza, amatha kukuuza chaka cholakwika cha chimbale chawo chomwe. Nkhani za ndalama, za makontrakiti, za kusemphana ndi kampani yojambula nyimbo, zimenezo uzisunge mpaka kucheza kutatentha. Ndipo umufunsiretu iyeyo kapena manijala wake ngati pali zimene sakufuna kukhudza. Akanena, ulemekeze.

Tsopano ichi ndiye ndikufuna uchigwiritsitse. Akamaliza kuyankha, usathamangire funso lina. Werenga chamumtima mpaka 5. Ine ndinaphunzira mochedwa. Tsiku lina ndinkacheza ndi mayi wina woyimba, ndinamufunsa chifukwa chake nyimbo yomaliza pa chimbale chake ilibe bezi. Anayankha mwachidule kuti anangofuna imveke yopepuka. Ine ndinali nditataya pepala la mafunso pansi pa tebulo, ndiye ndinangokhala duu, manyazi atandigwira. Mayi uja anayang'ana kapu yake ya madzi, akuizunguza ndi chala, kenako anati woimba bezi wake anamwalira asanamalize chimbalecho, ndipo sanafune kuti munthu wina aimbe pamalo pake. Pepala lija likanakhala m'manja mwanga ndikanamudula ndi funso lina lopanda pake. Komanso pamene akulankhula, usamati "eya, eya, zoona" pafupipafupi. Ingogwedeza mutu. Ma "eya" amenewo udzawada ukamadzakonza pulogalamu.

Za zipangizo sindichedwapo. Sankha chipinda chaching'ono chokhala ndi makatani, kapeti kapena mipando ya nsalu, chifukwa makoma opanda kanthu amabweza mawu. Zimitsa fani, ndipo ngati firiji ili pafupi, uizimitsenso, kulira kwake khutu limakuzolowera koma maikolofoni sakuzolowera. Aliyense akhale ndi maikolofoni yake, kutalika kwake ndi pakamwa kukhale ngati chibakera chimodzi. Pa chojambulira usankhe mtundu wa fayilo wa WAV, umene supanikiza mawu, pa 48 kHz, MP3 udzapanga pomaliza. Mawu akamakwera kwambiri azifika cha pa -12 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu, chifukwa oyimba amaseka mokweza ndipo ena amangoyamba kuimba osakuchenjeza. Mawu akang'ambika, ang'ambika, sungawasokenso. Vala mahedifoni nthawi yonse. Ngati woyimbayo wavala zibangili kapena amakonda kugogoda tebulo, umupemphe mwaulemu musanayambe kuti avule kapena asagogode. Mafoni onse pa airplane mode, koma imodzi uiike pakati izijambulanso mongoyembekezera. Musanayambe kulankhula, jambulani masekondi 30 muli chete, adzakuthandiza potseka mipata. Mukachezera pa intaneti, aliyense azijambula mawu ake kumbali kwake n'kukutumizira fayilo, ndipo poyamba muombe m'manja limodzi kuti udzapeze polumikizira.

Ndisanaiwale, nkhani ya kuika nyimbo zake mu pulogalamu. Anthu amanena kuti ukaika masekondi osapitirira 30 palibe mlandu. Bodza limenelo, lamulo lotero kulibe. Nyimbo imakhala ndi umwini pawiri: wa amene anapeka mawu ndi maimbidwe, ndi wa mwini wake wa chojambulidwacho, amene nthawi zambiri amakhala kampani imene inalipira situdiyo. Ndiye woyimbayo akhoza kukuuza ndi mtima wonse kuti "ikani, ndi nyimbo yanga", pamene mphamvu yololeza ilibe m'manja mwake. Umufunse kuti mwini wake wa zojambulidwazo ndi ndani, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa, ngakhale pa imelo. Ukaika pa YouTube, makina awo a Content ID amaizindikira nyimboyo okha, ndipo mwini wake akhoza kutseka vidiyo yako kapena kutenga ndalama za malonda ake. Ngakhale ataimba pompo ndi gitala, umwini wa wopeka uja ukadalipo, choncho ngati nyimboyo anapeka ndi munthu wina, funsanso kumeneko.

Pokonza, pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Audacity ndi yaulere ndipo ikukwanira. Dula pamene mwabwereza, dula pamene iweyo wazungulira pofunsa, koma usadule mpweya uliwonse mpaka munthu kumveka ngati makina. Kachete kaja ndanena ka akamaliza kuyankha, ukakapeza ukasiye momwemo. Usalumikize mawu a mbali ziwiri zosiyana n'kumunenetsa zimene sananene, oyimba amauzana, mawa palibe adzabwere kwa iwe. Pomaliza mawu onse uwaike cha pa -16 LUFS (muyezo wa kukwera kwa mawu a pulogalamu yonse), ndi mlingo umene Apple Podcasts imalimbikitsa, kuti womvera asamavutike kukweza ndi kutsitsa.

Mafunso ulembe osapitirira 10, ngakhale ndikudziwa kuti mwina ufunsapo 4 okha, enawo adzachokera m'mayankho ake. Unditumizire pofika Lachinayi ndiwaone, pamodzi ndi nthawi zija ulembe pomvera chimbalecho. Batire yatsala pang'ono, ndikuimbira madzulo.