Makalata a omvera: bomba lochokera kwa mnzako

Kalata yoyamba madzulo ano yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti: "Mwana wanga ndi msilikali. Anapitako ku Congo, komwe ankagwira ntchito limodzi ndi asilikali a ku Tanzania ndi South Africa. Atabwera anandiuza kuti usiku sungadziwe amene akuwombera. Kodi n'zoona kuti a mbali imodzi amatha kuphana okhaokha, ndi zida zamakono zonsezi?"

Mayi, zikomo potilembera, ndipo tithokoze kuti mwanayo anabwerako wamoyo. Zimachitika ndithu. Pali nkhani ina imene imandiwawa mumtima mpaka lero.

Mu April 2002, pa Tarnak Farm pafupi ndi Kandahar ku Afghanistan, asilikali a ku Canada ankayeserera kuwombera usiku ndi zipolopolo zenizeni. Chilolezo anali nacho. Kumwamba kunkadutsa ndege ziwiri zankhondo za F-16 za ku America, anzawo pa nkhondo yomweyo, koma oyendetsa ake sanauzidwe za zoyesererazo. Mmodzi, Major Harry Schmidt, ataona moto ukuthwanima pansi anaganiza kuti adani akuwombera ndegezo. Ndege ya AWACS, imene imayang'anira ndi kulangiza ndege zinzake m'mwamba, inamuuza kuti adikire kaye. Iye anati akudziteteza, n'kuponya bomba la makilogalamu 227. Sipanathe ndi mphindi yomwe, uthenga unamupeza woti dera limenelo kuli anzawo. Anyamata anayi anafera pomwepo, ena 8 anavulala.

Mwaonatu mayi, bombalo silinaphonye. Linagwera pamene analilozetsa. Chimene chinasowa ndi uthenga wofika pa nthawi yake komanso kudekha kwa munthu wotopa, wamantha, mumdima. N'chimodzimodzi mu 1994 kumpoto kwa Iraq: ndege zankhondo za F-15 za ku America zinagwetsa mahelikopita awiri a Black Hawk a dziko lawo lomwe, poganiza kuti ndi a Iraq. Anthu 26 anatha psiti, a ku America, Britain, France, Turkey komanso Akurd, mtundu wa anthu a m'dera limenelo.

Bambo wina wa ku Kasungu walemba mwachidule: "Nanga wopha mnzake chonchi amalangidwa?"

Bambo, nthawi zambiri chilango chimakhala chochepa. Schmidt sanamangidwe. Mu 2004 anamupeza wolakwa posatsata ntchito yake, anamudzudzula ndi kumudula malipiro pafupifupi madola 5,700. Ine sindifulumira kumuweruza, popeza sindinakhalepo m'ndege usiku ndikuona moto pansi panga. Koma chimene sindingachivomereze ndi kubisira anamfedwa. Pat Tillman anasiya mpira wa ku America wa ndalama zambiri kukalowa usilikali, ndipo anawomberedwa ndi anzake ku Afghanistan mu April 2004. Makolo ake ndi mkazi wake anauzidwa kuti wamupha ndi mdani. Mwambo wa maliro unachitika, akuluakulu ena akudziwa kale zoona zake, ndipo banjalo linadzauzidwa patatha milungu pafupifupi isanu.