Basela ndi Makuponi: Zimene Ndinaphunzira Pogula Zinthu pa Intaneti ku Leeds

Okondedwa omvera, takulandirani ku gawo lina la nkhani zanga za moyo wakunja. Lero sindikuyankhula kuchokera m'kachipinda kanga ka mu mzinda wa Leeds ku England monga mwa nthawi zonse, koma ndili kuno kwathu ku Lilongwe, pakhonde pa amayi ku Area 25, kumene ndabwera kudzapumula kwa milungu itatu. Nkhani ya lero yabadwa dzulo madzulo, pamene mng'ono wanga anandifunsa kuti ndimakwanitsa bwanji kugula katundu yense amene ndabwera nayeyu ndi malipiro a munthu wosamalira okalamba. Nditamuyankha kuti ndimagwiritsa ntchito makuponi, amayi anasiya kusankha nyemba m'lichero, nandifunsa kuti, "Kodi kumeneko nakonso amagawa feteleza?"

Funso lawolo linali lomveka, chifukwa kuno kwathu mawu akuti kuponi amatikumbutsa pepala limene linayamba kugawidwa mu 2005, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, kuti mlimi wosauka agule thumba la NPK, thumba la Urea ndi mbewu pa mtengo wotsika. Ku Britain kuponi ya pa intaneti ndi zilembo ndi manambala ochepa amene munthu amalemba m'kabokosi asanalipire, ndipo mtengo umatsika pomwepo. Ena mwa makuponiwa amaperekedwa kwa munthu amene akugula koyamba, ena amabwera ukaitana mnzako kuti naye alembetse. Ku masitolo akuluakulu a Tesco kuli khadi yotsitsira mitengo ya Clubcard, ku masitolo a Sainsbury's kuli ya Nectar, ndipo makampani monga TopCashback ndi Quidco amabweza kandalama kochepa ukagula kudzera mwa iwo. Ophunzira amachotseredwa mtengo kudzera mu UNiDAYS, pamene ife ogwira ntchito za umoyo ndi zosamalira anthu tili ndi khadi yathu yotsitsira mitengo yotchedwa Blue Light Card. Chakumapeto kwa Novembala kumakhala Black Friday, mwambo wochokera ku America, pamene pafupifupi sitolo iliyonse imalengeza kuti yatsitsa mitengo.

Ndinene poyera kuti sindichita manyazi kusakasaka mtengo wotsika. Munthu ukalipira lendi, msonkho wa khonsolo, magetsi ndi gasi wotenthetsera nyumba m'miyezi yozizira, ndalama yotsala imakhala yowerengeka, pamene kuno kumudzi abale akudikira fizi ndi ya mankhwala. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu anakwera mtengo m'misika yonse, ndipo mauthenga opempha thandizo anachuluka pa foni yanga. Choncho ndimayerekezera mitengo m'masitolo atatu ndisanagule, ndimadikira miyezi iwiri kuti jekete litsike mtengo, ndipo nthawi zina ndimasiya katundu m'kadengu ka pa intaneti osalipira, podziwa kuti mawa lake sitolo ikhoza kunditumizira kuponi yondinyengerera. Zonsezi ndimaziona ngati kunenerera kumene timachita pa msika wa Tsoka pogula kaunjika, pamene wogula amatchula mtengo wake, nkunyamuka ngati akupita, wogulitsa nkumuitananso. Onse awiri amadziwa zimene zikuchitika, ndipo palibe amene wanamizidwa. Masitolo akuluakuluwo sapereka makhadi awo mwaulere, chifukwa posinthanitsa amadziwa chilichonse chimene ndimagula, tsiku limene ndimagula, ndi dera limene ndimakhala.

Pamene ndinalakwa ndi pena, ndipo ndicho chimene ndikufuna kukufotokozerani mosabisa. M'chaka changa choyamba, anzanga a kuntchito anandiphunzitsa njira imene onse ankaitcha kuchenjera. Sitolo ikamatsitsira mtengo ogula koyamba, umatsegula imelo yatsopano, nkubwereka nambala ya foni ya mnzako wa m'nyumba, nkusintha dzina pang'ono, basi wasanduka kasitomala watsopano. Kunali kasitolo kena kogulitsa zakudya za ku Africa kuno, monga ufa wa chimanga, nyemba, kapenta ndi masamba a chigwada oumitsidwa mufiriji, ndipo kankachotsera 20 peresenti munthu wogula koyamba pa intaneti. Ndinagulako kanayi ndi mayina anayi: dzina langa, dzina la ubatizo, dzina la agogo anga, ndi dzina la mnzanga. Sindinkaganizako za munthu aliyense pochita zimenezi, popeza pa foni pankangooneka manambala akutsika.

Ulendo wachinayi, usiku wina wa mu Januwale kukugwa kamvula kozizira, amene anagogoda pachitseko anali mwini sitolo yemwe, mayi wa ku Zimbabwe wa msinkhu wa amayi angawa, atavala chipewa cha ubweya, mwana wawo wamng'ono akugona m'galimoto. Woyendetsa galimoto wawo anali atadwala, choncho ankagawa okha katundu atatseka sitolo. Anayang'ana dzina lolembedwa pa katoni, nayang'ana nambala ya nyumba, kenako nandiyang'ana ine. Sanakalipe. Anangonena mofatsa kuti nyumba imeneyi yagula koyamba kanayi, ndipo anandifotokozera kuti ndalama imene amachotsayo imachokera m'thumba mwawo, poyembekezera kuti kasitomala watsopanoyo adzabweranso nkulipira mtengo wonse. Anandipatsa katoniyo m'manja, nanditsazika mwaulemu. Usiku umenewo ndinaphika nsima ndi ufa womwewo, koma inakana kutsika pakhosi.

Chimene chinandipweteka kwambiri nchakuti ndine mwana wa munthu wa geni. Amayi anagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Nsungwi kwa zaka zambiri, ndipo fizi yanga ya kusekondale inachokera pa mulu wa tomato. Ndinakula ndikuona basela akuperekedwa. Munthu akagula milu itatu, amayi ankamuponyera tomato mmodzi kapena awiri m'jumbo, nthawi zina chifukwa wapempha, nthawi zina chifukwa akufuna kuti mawa adzabwerenso. Dzulo ndinawafunsa kuti akanatani munthu akanalandira basela, nkuzungulira kuseri kwa mabenchi, nkusintha chitenje ndi duku, nkubweranso ngati mlendo kuti alandire basela wina. Anapukusa mutu nati, "Basela amachokera mumtima mwa wogulitsa, mwana wanga. Amene wasintha chitenjeyo waba, ngakhale tomatoyo ndamupatsa ndi dzanja langa." Mawu amenewa anagwera ine, chifukwa imelo yatsopano ija chinali chitenje changa chachiwiri.

Anzanga ena ndikawauza nkhaniyi amavomereza kuti kwa mayi wa kasitolo kaja ndinalakwadi, koma amati makampani akuluakulu samva kupweteka, ndiponso iwowo amatipusitsa tsiku ndi tsiku. Mbali ina akunena zoona. Ndaonapo ndi maso anga katundu akukwezedwa mtengo milungu ingapo Black Friday isanafike kuti pa tsikulo aoneke ngati watsika, ndipo ndaonapo kawotchi kowerengera mphindi zotsala kuti mwayi uthe, mawa lake nkupeza kayambiranso. Zimenezo nzoipa, ndipo yankho langa pa izo ndi kusagula. Koma chinyengo cha wina sichiyeretsa changa. Kuwonjezera apo, pa misika ikuluikulu monga Amazon, eBay ndi Etsy, ambiri mwa ogulitsa ndi anthu a mabizinesi ang'onoang'ono amene amangobwerekapo malo, ndipo wogula saona kuti ndalama yochotsedwayo yatuluka m'thumba la yani. Ine ndinali ndi mwayi woona nkhope ya amene ankalipira, pamene anzanga ambiri sadzaiona.

Kwa ife amene tikukhala m'dziko la eni ndi viza, nkhaniyi ilinso ndi mbali ya malamulo. Ku England kuli lamulo lotchedwa Fraud Act la mu 2006, limene limati kunena zabodza mwadala pofuna kupeza phindu kapena kuluzitsa wina ndi mlandu, ndipo chilango chachikulu kwambiri ndi zaka 10 m'ndende. Sindikunena kuti aliyense wotsegula imelo yachiwiri amatengeredwa kukhoti, chifukwa kawirikawiri sitolo imangotseka akaunti kapena kukana kutumiza katundu. Koma pofunsira kuwonjezera viza kapena kukhala nzika, munthu amafunsidwa ngati anapezekapo ndi mlandu, ndipo sindikuona nzeru yoika pachiswe zaka za ntchito yolemetsa chifukwa cha mapaundi asanu.

Chimene chimandivuta mpaka lero ndi makuponi operekedwa kwa gulu lina la anthu. Mnzanga wina wa kuno kwathu, amene timapemphera limodzi ndipo ndimamutcha achemwali, anandipempha kuti ndimubwereke Blue Light Card yanga agulire nsapato za ana, ngakhale iye sagwira ntchito yosamalira anthu. Ife tinaleredwa kuti chako ndi cha mnzako, ndipo kukana pempho laling'ono chotere kumaoneka ngati kuumira. Ndinaganiza usiku wonse, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi azakhali anga a ku Mitundu, amene chaka china dzina lawo silinapezeke pa mndandanda wa olandira makuponi a feteleza, pamene makuponi omwewo ankagulitsidwa mobisa kwa mavenda ndi anthu olandira malipiro pamwezi. Chaka chimenecho anakolola matumba awiri okha. Aliyense amene anagula kuponi yosayenera iye ankadziuza kuti ndi kapepala kamodzi chabe, ndipo pofika 2020, pulogalamu ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba, mapepala anachotsedwa nkuyamba kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Nsapato sizingafanane ndi chakudya cha banja, ndikudziwa, koma kachitidwe kake ndi kamodzi: chinthu chalembedwa dzina la wina, ndipo ukuchitenga podzitcha amene suli. Ndinawauza achemwaliwo kuti khadiyo sindingabwereke, koma ndinakhala nawo pansi mpaka tinapeza nsapatozo pa mtengo wotsika m'sitolo ina, ndipo pa ndalama yotsalayo ndinathandizapo. Sanasangalale, ndipo kwa miyezi iwiri moni wathu unali wozizira.

Pali zinanso zimene sindinazimalize kuziganizira, monga pamene sitolo yalakwitsa mtengo nkulemba mapaundi 5 m'malo mwa 50, kapena pamene kompyuta yalola makuponi awiri amene samayenera kugwira ntchito limodzi. Pamenepo sindinaname, komabe ndikudziwa kuti wogulitsa sanafune kutero. Ndimakumbukira kuti amayi akabweza chenje chochuluka molakwitsa, makasitomala abwino ankabwerera nacho, choncho ndimayesetsa kulembera sitoloyo kaye, makamaka ikakhala yaing'ono.

Kwa mayi wa ku Zimbabwe uja ndinapitako Loweruka lotsatira. Ndinawerengera ndalama zimene anandichotsera pa maulendo atatu osayenerawo, ndipo zinakwana mapaundi 27. Nditaziika pa kauntala, anaziwerenga kawiri, nazilemba m'kabuku kawo ka chikuto chofiira, kenako anandifunsa ngati ufa uja unali wabwino. Kuyambira tsiku limenelo ndimagula kwa iwo ndi dzina langa lenileni, ndipo ndikamanyamuka amandiikira katsabola pang'ono m'jumbo. Amayi atamva nkhaniyi dzulo anatuma mng'ono wanga kumsika m'mawa uno kuti akagule makilogalamu 5 a mpunga wa Kilombero, ndipo andilamula kuti m'sutikesi yanga ndisiye malo, chifukwa mpungawo ndi wa mnzawo wa geni wa ku Leeds amene sanaonanepo naye.