"Ine ndimaphunzira ndi maso": bodza lomwe likukana kufa m'mayunivesite

Moni nonse, makamaka inu aphunzitsi a m'makoleji ndi m'mayunivesite. Lero tikambirana njira zophunzitsira zomwe kafukufuku adatsimikiza kuti zimathandiza. Ndithamanga pang'ono, chifukwa kutsogoloku kuli bodza lomwe limanditopetsa kwambiri.

Choyamba, ophunzira asamangokhala duu kumvetsera. Mu 2014, Scott Freeman ndi anzake adaunika kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu. M'makalasi momwe mphunzitsi ankangoyankhula yekha, olephera anali pafupifupi 34 pa 100 alionse. Momwe ophunzira ankakambirana ndi kuyankha mafunso, olephera anali pafupifupi 22.

Chachiwiri, timayeso ting'onoting'ono pafupipafupi. Kukumbukira buku lili chotseka kumakhazika zinthu m'mutu kuposa kuliwerenga kambirimbiri. Chachitatu, kubwereza patapita masiku, osati kuunjika zonse usiku wa mayeso. Basi.

Ngati simunadine subscribe, dinani pompano, ndikudikirani.

Tsopano bodza lija. "Ine ndimaphunzira ndi maso, uyu ndi makutu, uyo ndi manja." Mwina munayankhapo mafunso a VARK, ofufuza njira yomwe munthu amakonda pophunzira, omwe Neil Fleming wa ku New Zealand adakonza mu 1987. Zoti anthu amakonda njira zosiyana, palibe akutsutsa. Koma kukonda njira ina sikutanthauza kuti ndi imene ikukukhozetsa. Mu 2008, Harold Pashler ndi anzake adafunsa funso losavuta: "a maso" mukawapatsa zithunzi, "a makutu" n'kuwafotokozera pakamwa, kodi amakhoza kuposa mukawasinthanitsa? Atafufuza, umboni wokwanira sadaupeze. Zaka zapita chikhalirecho, komabe m'misonkhano ya aphunzitsi anthu akuombera m'manja nkhani yomweyi!

Chomwe chimasankha njira ndi phunzirolo. Mapu amafuna maso, kaya ndinu ndani. Katchulidwe ka chinenero chachilendo kamafuna makutu. Wophunzira udokotala sangadziwe kusoka bala pomvetsera, agwire singano. Ndipo chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: wophunzira mukamuuza kuti ndi "wa makutu", mwamupatsa chifukwa chothawira buku, pomwe kuyunivesite kuwerenga sikuzembeka.

Akutsutsa alipo, ndikudziwa, lembani pansipa tikangane. Muvidiyo yotsatira tiona momwe Eric Mazur wa ku Harvard amachititsira ophunzira kutsutsana okhaokha asanawauze yankho.