Tisanakwere ku Magaliesberg Loweruka, timvetsetsane za galimoto ndi phiri

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo. Muli kumbuyoko mukundimva? Chabwino, ndikweza mawu pang'ono.

Mwandipempha kuti ndinenepo za ulendo wathu wa Loweruka, chifukwa ena mwabwereka mabakkie, magalimoto a pikapu aja, kwa mabwana anu, ndipo anyamata angapo akufuna kukakwera zinjinga za matayala anayi zija amati quad. Ine ndayendetsa alendo m'njira za m'mapirimu kwa zaka zingapo, ndiye ndingonena zomwe maso anga aona.

Tikupita ku mapiri a Magaliesberg, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera kuno ku Joni, kulowera cha ku damu la Hartbeespoort. Kumeneko kuli malo ngati Hennops, komanso De Wildt kufupi ndi Brits, komwe anakonza njira zoti magalimoto a 4x4 azidutsa m'miyala, m'zigwembe ndi m'mitsinje. Mapiri amenewa ndi akale kwambiri, zaka pafupifupi 2 biliyoni, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo otetezedwa. Ndiye mukaona kanjira kalembedwa, tsatirani komweko. Mukatsegula njira yanu m'udzu, mvula ikagwa madzi amatsata mikwasa ya matayala, chaka chamawa pamenepo ndi chigwembe.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ambirife tinaphunzira galimoto kumudzi, kapena tinakwerapo matola nthawi ya dzinja. Mukudziwa mmene adalaivala athu amachitira akaona matope kutsogolo: amabwerera m'mbuyo, n'kuponda moto, galimoto n'kudutsa ikuvina, anthu kumbuyo akukuwa. M'matope a ku Ntchisi nzeru imeneyo nthawi zina imagwira. M'miyala ya kuno imaphwanya galimoto. Mwala sufewa ngati thope. Mukaugunda ndi liwiro, mumaboola pansi pa injini, mafuta onse n'kutayika, ulendo wathera pomwepo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'phiri mawu amenewa ndi oona ndithu.

N'chifukwa chake galimoto ya 4x4 ili ndi kagiya kachiwiri, kapena batani, kolembedwa 4L. Ena mwayendetsa Hilux ya abwana zaka zisanu osakakhudza. Ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu yokoka, moti galimoto imakwawa ngati fulu koma siibwerera m'mbuyo. Imani kaye, ikani galimoto pa nyutulo, kenako lowetsani 4L. Palinso diff lock, yomwe imamanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi. Popanda iyo, tayala limodzi likalendewera m'malere, mphamvu yonse imathawira kumeneko, lomwe lili pansi n'kungokhala. Mukadutsa malo ovutawo, ichotseni, chifukwa galimoto imakana kukhota ikadali yomangidwa. Ndipo kumbukirani kuti Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera kunyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, injini yopanda turbo imafooka poyerekeza ndi mmene imakokera ku Durban. Musadabwe ikamapuma befu pachitunda.

Matayala tikafika tidzaphwetsa pang'ono. Ngati pamsewu wa tala mumapopa 2.2 bar pa geji ya mpweya, m'miyala titsitsa kufika cha ku 1.6, kuti tayala lizikumbatira mwala m'malo modumphapo. Pobwerera tidzapopanso tisanalowe mumsewu waukulu. Amene ali ndi pampu yolumikiza ku batire abwere nayo.

Kukwera anthu saopa kwenikweni, koma ngozi zambiri ndaziona potsika. Mutu wa galimoto ukaloza pansi, mtima umakuuzani kuti pondani klatchi ndi mabuleki. Musamvere. Mukaponda klatchi mwamasula galimoto ku injini, imangothamanga yokha. Mukaponda mabuleki mwamphamvu pa timiyala totayirira, matayala amaima koma galimoto imapitirirabe kutsetsereka, chiwongolero osamvanso. Ikani giya yoyamba mu 4L, chotsani phazi pa klatchi, injini ndiyo izikugwirani. Mudzamva ikulira, isiyeni ilire.

Nanga injini ikazima pakati pa chitunda? Eya, achimwene afunsa bwino. Gwirani mabuleki, lowetsani giya yobwerera, mutsike chambuyo mowongoka mpaka pomwe munayambira, muyesenso. Chomwe simuyenera kuyesa ndi kutembenuka pakati pa phiri. Galimoto ikaima chopingasa pamalo otsetsereka imagubuduka, makamaka ikakhala yasenza katundu padenga. Phiri timakwera mowongoka, timatsika mowongoka.

Kena kakang'ono: zala zazikulu zisalowe m'kati mwa chiwongolero. Tayala likagunda mwala chiwongolero chimatembenuka chokha mwadzidzidzi, chala n'kuthyoka. Ndipo pamalo ovuta munthu mmodzi atsike azikulozerani ndi manja. Mmodzi, osati mudzi wonse, wina akuti kumanja, wina kumanzere, amayi kumbuyo akupemphera. Pamtsinje napo, wina alowe kaye ndi ndodo aone kuya kwake. Madzi akalowa momwe injini imakokera mpweya, injiniyo yatha.

Ili ndikufuna mulimvetse bwino, chifukwa lapha anthu. Galimoto ikatitimira, musamange chingwe chokokera pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kaja kali kumbuyo. Chingwe cha ntchito imeneyi chimatanuka ngati legeni. Kampirako kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo, kudzaboola galasi la galimoto inayo. Mangani pa zingowe zomwe zinapangidwira ntchitoyo, ndipo aliyense aime patali, ana makamaka.

Inu anyamata a quad, ndikukuonani mukuseka. Mukuganiza kuti poti ili ndi matayala anayi siigwa. Njinga yamoto ya kabaza ikagwa imakutayani pambali, koma quad imagubuduka n'kukuphinjani, ndipo ndi yolemera. Chipewa chachitsulo muvale, mumange lamba wake pachibwano. Ngati ili ya munthu mmodzi, musanyamule mnzanu. Pokwera thupi lipite kutsogolo, potsika likhale kumbuyo, pokhota pendekerani mbali yomwe mukukhotera. Musaitulutse kupita nayo pamsewu wa boma, ndi ya m'malo omwewo basi. Za mowa sindichita kubwereza: nyama tidzawotcha tikatsika, makiyi atapumula.

Nyengo nayo muiyang'ane. Miyezi yamvula kuno mitambo imasonkhana masana, ndipo mphezi za m'dera lino si zamasewera. Mukaona kwada, tsikani pamwamba pa phiri, khalani m'galimoto, osati pansi pa mtengo. Miyezi yozizira vuto ndi moto. Udzu umauma gwa, ndipo paipi ya utsi yotentha ikhoza kuyatsa lupsa mukangoimika galimoto paudzu wautali. Chikachitika china, pa foni yam'manja imbani 112, koma dziwani kuti m'zigwa zina netiweki imasowa, ndiye palibe galimoto yoyenda yokha.

Chomaliza ndi cha inu obwereka magalimoto. Auzeni abwana anu zoona za komwe mukupita, ndipo afunse kaye ngati inshulansi yawo imalipira ngozi ya kunja kwa msewu. Mnzathu wina ananena kuti akupita kutchalitchi, n'kubwera bampala ili m'manja. Ntchito inatha tsiku lomwelo, ndi chipinda chomwe ankagona chomwe.

Tikumana pano 6 koloko m'mawa. Aliyense atenge madzi akumwa osachepera malita awiri, nsapato zotseka, ndipo tayala la sipeya mulione lero lomwe ngati lili ndi mpweya. Amayi akweza dzanja uko, funsani mayi.